Foni ya M'chitini cha Mabatani

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kumene uliko mukudzuka bwino, iwe, alamu anga ndi kamwanako. Chifuwa chimene chinkakavutitsa pa maliro chija chinatha? Ine kuno ndilipo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa lero ndakhala pansi kuti ndilembe zoona zokhazokha.

Ndiyambe ndi kukonza zimene azakhali akufalitsa, poti ndamva kuti zafika mpaka kwa iwe. Sindinatsekere m'bale aliyense pa foni. Sindinasinthe nambala. Ndipo si zoona kuti tsiku limene amayi anatisiya foni yanga inali yozima, ine ndili kokayenda ndi anzanga. Anzanga ake ati? Foni inali yoyaka, ine ndinali m'chipinda muno, mamita awiri kuchokera pamene inali. Pakamwa pa azakhali ndi wailesi yosafuna batire, koma nkhani amaitola theka n'kuthamanga nayo.

Theka linalo ndikufuna ulimve kwa ine.

Usadabwe kulandira kalata ya papepala. Ndikulemba pa nthawi imene sindigwira foni. Tsiku lililonse ndikaweruka, faifi koloko ikakwana, ndimaiika m'chitini, ndimavundikira, ndimachikweza pamwamba pa kabati mpaka seveni. Chitini chake ukuchidziwa. Ndi cha mabisiketi chobiriwira chija amayi ankasungamo mabatani, chimene unagwetsa uli kamwana, mabatani n'kubalalika mpaka pansi pa bedi, wokwapulidwa n'kukhala ine.

Za ntchito yanga sunandifunsepo bwinobwino. Umangouza anzako kuti mkulu wanga ali ku ofesi. Ofesi yake ndi chipinda chopanda zenera, madesiki makumi awiri ogawidwa ndi timatabwa, aliyense zomvera kumakutu. Munthu akagula filiji, ketulo kapena simbi yamagetsi m'sitolo zathu, chinthucho chikafa amaimbira ine. Filijiyo sindinaipange, sindinaigulitse, sindinaionepo. Koma nyama yake ikawola wotukwanidwa ndine. Uyu akangodula, usanameze malovu wina walowa. Kapitawo wathu timamutchula kuti Mphindi, chifukwa ukapita kuchimbudzi amakuyang'anira wotchi.

Zaka ziwiri ndi theka za ku yunivesite zinandithandiza pamenepa: ndimapepesa mwaulemu kuposa anzanga onse. Ukukumbuka mmene ndinasiyira. Abambo atadwala koyamba, ndinati ndipume kaye chaka chimodzi, ndibwerera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinakhala chako. Sindikukuimba mlandu, ndikungokukumbutsa, poti abale amati ndinalephera mayeso.

Ndikaweruka inkayamba ntchito yachiwiri. Wophunzira weniweni uli kutali, ndiye banja linkagwiritsa ntchito wophunzira watheka amene ali pafupi. Fomu ya msuweni ndidzaze ine. Tsiku la abambo ku chipatala ndikumbukire ine. Azakhali akaiwala nambala yachinsinsi, ndiifufuze ine. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Palibe anafunsa ngati mutuwo unakula kapena unangotupa.

Ndinayamba kumva foni ikulira pamene sikulira, kubafa, m'basi, pakati pa pemphero. Ndinkadya chiimirire, diso pa foni, ndipo ukanandifunsa kuti ndadya chiyani sindikanayankha. Tsiku lina ketulo inaimba mluzu, ine n'kuiyankha kuti zikomo poimba, ndikuthandizeni chiyani. Ndinaseka ndekha. Patatha sabata ndinagwa pa masitepe a kuntchito, n'kukatsitsimukira ku kachipatala ka pakona, mlomo utang'ambika.

Anamwino a kumeneko ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, wosadziwa kunyengerera. Anandifunsa kuti ndinagona liti tulo tosadukiza, ndinamwa liti madzi nditakhala pansi. Ndili mkati moyankha foni inalira, ine n'kuitenga. Anandilanda, anayang'ana batire n'kuona kuti ndi lodzaza.

"Iyi mumaitchaja tsiku lililonse. Inuyo mumadzitchaja liti?"

Ndinawayankha kuti nzeru zoterezi ndinaziwerenga kale m'mabuku aakulu kuposa awo. Anati zili bwino, ulendo wina ndikagwere pa mabukuwo.

Mankhwala amene anandilembera ndi awa: maola awiri pa tsiku popanda foni. Nditsike basi siteji imodzi ndisanafike kwathu, ndiyende wapansi. Ndisambe madzi ofunda mosathamanga, ndidye nditakhala pampando, ndiviike mapazi m'beseni, ndidzole mafuta m'manja. Zinthu zoti mwana wa zaka zisanu amazidziwa. Ndinachita manyazi kuti munthu wa msinkhu wanga akuchita kulemberedwa papepala kuti azimwa madzi.

Pepa, mzere wapindika apa. Chitini chalira kamodzi n'kutonthola, cholembera n'kundipulumuka. Wotchi ya pakhoma ikuti hafu faifi. Ndi anthu olakwitsa nambala amenewa, kapena azakhali akufuna ndiwaimbire. Sindidzuka. Ukawerenga mpaka m'munsi udziwa chimene chapindikitsa mzerewu.

Za mankhwala a anamwino ndinauza munthu mmodzi yekha, amayi. Ndinkayembekeza kuti andiseka. M'malo mwake anakhuthulira mabatani m'mbale n'kundipatsa chitini. Anati m'dirowa sizingatheke, amandidziwa, ndidzatsegula. Koma chitini ichi chivundikiro chake n'cholimba, pofika pochigonjetsa ndidzakhala nditachita manyazi.

Kenako anaika lamulo lawo. Anati hafu faifi iliyonse nawonso azikhala pansi ndi kapu ya tiyi, aziliza foni yanga kamodzi kokha n'kudula. Kamodziko ndiye kuti ine ndakhala pansi, nawenso khala. Ndisayankhe, ndisaimbenso. Foni ikamanjenjemera m'chitini chopanda kanthu imamveka ngati njuchi yotsekeredwa, moti ndinkaimva ngakhale ndili kubafa. Abambo ankakhala pomwepo pampando wawo pamene amayi akuliza foniyo, n'kumaseka kuti akazi awiri awa akulankhulana ngati akaidi ogogodana pakhoma.

Inatha miyezi isanu chonchi, ndipo sindinama, inali miyezi yabwino. Tulo tinabwerera. Ndinazindikira kuti pa msewu wathu pali mtengo wogwetsa maluwa achikasu, umene ndinaudutsa zaka zinayi osauona. Ndinazindikira kuti atelala amene ali ndi shopu pansi pa chipinda changa amaimba akamadula nsalu, ndipo amaimba moipa kwambiri. Ndinadzala tsabola m'chidebe pazenera. Ndinatsegulanso limodzi la mabuku a chaka chachitatu aja, amene ndinalumbira kuti sindidzawagwiranso. Mphindi anaona nkhope yasalala n'kundifunsa ngati ndapeza mwamuna. Ndinamuuza kuti ndapeza chitini, ndipo chimatseka pakamwa kuposa mwamuna.

Tsopano imva zimene sindinanene pa maliro.

Lachinayi limene amayi anatisiya lija ndinaweruka nditatheratu. Bambo wina anali atandikalipira nthawi yaitali chifukwa cha simbi imene inawotcha malaya ake a ukwati, ngati kuti ndinasita ndine. Ndinafika, ndinaika foni m'chitini, ndinathira madzi otentha ndi mchere m'beseni, ndinaviika mapazi, ndinadzola mafuta mpaka m'zigongono. Hafu faifi chitini chinalira. Ndinamwetulira, n'kudikira kuti chisiye.

Sichinasiye. Chinalira kachiwiri, kachitatu. Ndinawerenga, mng'ono wanga. Kasanu ndi kanayi, mpaka foni inadula yokha.

Pa maliro ndinauza aliyense kuti sindinamve. Ndinamva. Ndinati amayi saliza chonchi, ameneyu ndi Mphindi akufuna ndikagwire ntchito Loweruka, kapena ndi msuweni ndi fomu yake. Ndinayang'ana mapazi anga m'madzi, manja akunyezimira mafuta, chopukutira chili patali pachitseko. Ndiye ndinalankhula mokweza m'chipinda mopanda munthu.

"Adikire. Inenso ndine munthu."

Ndinanyadira mawu amenewo. Ndinakhala m'madzimo mpaka anazizira.

Seveni koloko ndinatsegula chitini n'kupeza dzina la amayi. Ndinaimba, palibe anayankha. Ndikuvala nsapato aneba awo anandiimbira kuti abambo angofika kumene kuchokera kotenga mankhwala, kunali mzere wautali, ndipo apeza amayi ali pansi kukhitchini, tiyi atatayika, foni ili m'manja.

Amayi sanaimbire abambo, chifukwa foni ya abambo inali pamwamba pa filiji monga mwa masiku onse, ndipo palibe wawaimba mlandu pa zimenezo. Sanaimbire iwe, uli kutali. Sanaimbire azakhali, amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, ndipo mfundo imeneyi wailesi ija siiulutsa. Anaimbira ine, hafu faifi, nthawi imene iwo eni anandiphunzitsa kuti ndisamayankhe.

Mwina chala chinangopita pamene chinazolowera. Mwina ankaliza kamodzi monga mwa nthawi zonse, n'kugwa asanadule. Mwina ankandifuna. Zitatu zimenezi ndimazitembenuza tsiku lililonse ngati zovala zokana kuuma.

Ndinabwerera kwa anamwino kukafunsa ngati kuyankha kukanathandiza. Ndinkafuna andinamize. Anati sakudziwa. Matenda ogwetsa munthu chonchi ena amapulumuka akathamangira nawo, ena ayi, ndipo iwo sanganene chimene sakuchidziwa n'cholinga choti ine ndigone tulo. Tsiku limenelo ndinawada.

Chitini ndinachiponya pansi pa bedi. Masabata asanu ndi limodzi foni sinachoke m'manja mwanga. Ndinkayankha isanamalize kulira koyamba, ngakhale akhale otsatsa malonda. Kubafa ndinkalowa nayo itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Azakhali anasangalala, anati tsopano ndaphunzira. Tsabola uja anauma. Kenako ndinagwanso, ulendo uno pa desiki, zomvera zili kumakutu. Anzanga akuti kasitomalayo anapitiriza kudandaula za filiji yake ine ndili chigonere pansi, ndipo pomaliza anati ndilibe ulemu chifukwa sindikuyankha.

Anamwino atandionanso anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikufuna abambo aike m'manda anthu awiri chaka chimodzi. Ndinawauza kuti mankhwala awo aja ndi amene anapha amayi anga. Sanakwiye. Anandifunsa kuti chitinicho anandipatsa ndani. Nditayankha anati ndiye ndikakangane ndi mwini chitini, osati iwo.

Ndinakachitulutsa pansi pa bedi. Lamulo limodzi lokha ndinasintha: chikalira kupitirira katatu ndimadzuka, ngakhale mapazi ali m'madzi. Pansi m'chipinda mwanga mumakhala madontho a madzi pafupifupi tsiku lililonse, kuchokera pa beseni kufika pa kabati, ndipo nthawi zambiri ndimapeza kuti ndi msuweni. Ndimavundikiranso n'kubwerera.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Munakambirana m'gulu la banja la pa foni lija kuti abambo azikhala kwa azakhali mpaka kalekale, chifukwa munthu wosayankha foni sangasunge nkhalamba. Munakambirana pa nthawi imene foni yanga inali m'chitini, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika. Ndinawerenga seveni koloko, mlandu utaweruzidwa kale. Iwe unaikapo kachala kovomereza. Ndinakaona.

Lamlungu ndinapita kukawaona abambo. Anawapatsa chipinda cha katundu, pakati pa njinga yakufa ndi makatoni. Wailesi yakanema imabangula kuyambira m'mawa. Adzukulu a azakhali aliyense khosi lopindikira pa foni, amadutsa pakhomo pawo ngati akudutsa kabati. Mapiritsi a m'mawa ndinawapeza ali m'mbale madzulo. Zikhadabo zakula, ndevu zosameta. Koma chithunzi unachiona, azakhali anali atawaveka jekete n'kuwajambula, n'kutumiza ku gulu kuti tikuwasamala achimwene. Ndinawerenga mafoni asanu ndi awiri m'nyumba imeneyo, ndipo palibe mwini foni ngakhale mmodzi amene anawafunsa ngati amwa madzi.

Foni ya amayi ili ndi abambo. Munthu amene yakeyake ankaisiya pa filiji, iyi amaisunga m'thumba la malaya, ndipo amaitchaja okha. Azakhali anayesa kuitenga kuti apatse mdzukulu wawo, abambo anawalozera ndodo.

Ndinatenthetsa madzi, ndinawadula zikhadabo, ndinawameta. Chichokereni kumanda sanandilankhule, amangondiyang'ana ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi. Lumo lili pa tsaya lawo ndinawauza zonse zimene ndakuuzazi, kasanu ndi kanayi kaja, beseni, mafuta, ndi mawu amene ndinanena. Ndinaona kuti ndi bwino amve pamene sangatembenuze mutu. Anangoyang'ana khoma. Nditamaliza anadzisisita kuchibwano n'kunena chinthu chimodzi chokha.

"Wasiya ndevu pansi pa khutu."

Ndinameta pansi pa khutupo, ndinatsuka lumo, ndinabwerera kwathu.

Abambo amamvera iwe. Anayamba kukumvera tsiku limene unavala chipewa cha makona anayi, ine ndikujambula zithunzi. Ndikanati sindinachite nsanje, koma ndalonjeza kulemba zoona. Imeneyo ndi nkhani ya kalata ina. Lero ndikupempha, ndipo ukudziwa kuti mawu amenewa satuluka bwino pakamwa panga: uwauze abwere kwa ine.

Chipinda changa n'chimodzi, koma ndachigawa ndi katani. Bedi ndawasiyira, ine ndigona pa matiresi. Masitepe ake ndi khumi ndi awiri okha, ndipo pali chogwirira. Masana atelala avomera kuti azikhala nawo pa shopu, akuti akufuna munthu womvera nyimbo zawo, ndipo abambo khutu limodzi silimva kale, ndiye agwirizana. Ku kachipatala kaja si kutali. Mapiritsi ndidzawapatsa m'manja, ndidzaima pomwepo mpaka ameze. Kuyambira faifi mpaka seveni sindidzakhala ndi kasitomala, kapena msuweni, kapena gulu. Ndidzakhala ndi iwo. Tidzayenda mpaka pa mtengo wa maluwa achikasu n'kubwerera. Beseni langa ndi lalikulu, mapazi anayi akwanamo. Munthu amene uli naye m'chipinda safunika kukuimbira foni.

Chitini chokha sindisiya. Ngati banja likuti ndichitaye kaye ndiye lindipatse abambo, lidziwe kuti likuwapereka kwa mwana wogwa pa masitepe. Ndinayesa kukhala munthu woyankha nthawi zonse, masabata asanu ndi limodzi, ndipo amayi sanaimbenso.

Nawenso ndinakuona pa maliro. Mafoni awiri, maso ofiira, kamwana kakukukoka siketi iwe chala chili pa galasi, ukukauza kuti dikira. Sindikukulangiza, ndilibe pepala lolangizira munthu ngati iwe. Ndikungoti zitini zimapezeka kulikonse.

Usandiyankhe m'gulu. Undilembere, kapena undiimbire ikadutsa seveni. Ukafuna kundikalipira chifukwa cha Lachinayi lija, undikalipire, sindidula. Ndi ntchito yanga, ndinaizolowera, ndipo ulendo uno wodandaulayo akhala kuti wapeza mwini mlandu.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndinaona mmene ananyamulira bokosi, ndipo sindinawathokoze. Kamwanako ukauze kuti mayi ake aakulu akusunga mabatani a agogo ake m'mbale, kakadzabwera kadzasankhe okongola. Mulungu akusungeni nonse atatu, akupatseni tulo tosadukiza.

Ndine mkulu wako,
uja sanamalize.

Seveni yakwana, ndatsegula chitini. Kulira kamodzi kwa hafu faifi kuja ndi nambala ya amayi.